Banjo ya Gologolo ndi Bokosi la Apongozi

Padangokhala! Mwati tili tonse? Ndamva pakamwa pawiri pokha. Chabwino, enanu mudzavomera nthano ikafika pokoma.

Padangokhala Gologolo, kamnyamata kochepa thupi, kotalika mchira, kosatha mawu pakamwa. Adakakwatira kwa anungu, nakhala komweko pachikamwini. Anzake adamuseka kuti akagona bwanji pakati pa minga, iye n'kuwayankha kuti wakwatira kwa mphezi saopa kung'anima. Mkazi wake adali Ndaona, ndipo Chauta adawapatsa kamwana kamodzi, Kadzuwa, kamene panthawiyi kadali kadakali kumsana.

Apongozi ake aakazi adali aNankhoma, mayi wamasiye wa minga italiitali, wosaseka wamba. Inu a lero mumadyera mbale imodzi ndi apongozi, mpaka kuwatuma madzi akumwa. Kale zimenezo kudalibe. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi ankathawana. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Gologolo akangotulukira pabwalo, aNankhoma ankafunda chitenje kumutu n'kuzemberera kuseri kwa nkhokwe. Chikwatire chake, Gologolo ankangodziwa kutsokomola kwa apongozi ake, iwonso ankangodziwa nsonga ya mchira wake.

Tsono aNankhoma adali ndi chinthu chimodzi chimene ngakhale ntchentche sinkaloledwa kuterapo. Lidali bokosi la matabwa opyapyala limene malemu amuna awo adabwera nalo kuchokera ku Joni, muli ndudu zonenepa ngati chala chachikulu. Ndudu zidatha kalekale, mwini wake adatsikira kuli chete, koma bokosi lidatsala, fungo la fodya lili momwemo. Pachivindikiro pake padali chithunzi cha sitima yapamadzi. ANankhoma ankasungamo masingano ndi mikanda.

Tsiku lina adaona kuti m'bokosimo mwalowa nyerere. Adakhuthula zonse, naliyanika pathandala, iwo n'kupita kudimba. Gologolo podutsa adaligogoda ndi chikhadabo, mongosewera. Bokosi lidayankha kuti guu! Adagogodanso. Guu!

"Iii! Iwe uli ndi mawu otere, n'kumangosunga masingano?" adatero Gologolo.

Adayang'ana uku, adayang'ana uko, mchira udagwedezeka kamodzi, ndipo pathandala padatsala mbale zokha.

Adalibisa m'denga la kanyumba kake, ntchito n'kuyamba. Adatenga mpini wa khasu wothyoka, nausema mpaka udaphwatalala, naulowetsa m'bokosi mbali iyi kutulukira mbali inayo. Zikhomo zokungira adasema za nsungwi, mabowo ake naboola ndi msomali wotentha. Mawaya adakawatenga kumene wina aliyense akadaopa: adakamasula khwekhwe amene alenje adatchera panjira ya agwape, napombosola waya wake, wonenepa n'kuika pamwamba, opyapyala atatu pansi pake.

Atakunga, adakhudza. Chinthucho chidangoti phwe, ngati chule wopondedwa ndi ng'ombe. Adaona kuti mawaya agona pathabwa, ndiye adalowetsa kansungwi pansi pake kuti adzuke. Adakhudzanso. Mawu adalipo, koma adali ngati a munthu wolankhula atatseka pakamwa.

"Ulibe kamwa, n'chifukwa chake," adatero.

Apa ndi pamene adachita chosabwezeka. Adatenga mpeni naboola bowo lozungulira. Koma taonani kamunthuka! Sadaboole pachivindikiro pamene padali sitima ija, ayi. Adaboola kunsi kwa bokosi, kunsiko n'kusanduka nkhope ya banjo, kuti poimba sitima izikhala itaphimbika ndi mimba yake. Adakhudza kachitatu, ndipo banjo idalankhula bwinobwino, mpaka Kadzuwa amene ankalira panja adaleka kulira.

Ndaona adalowa, naima pakhomo.

"Bambo a Kadzuwa, ichi n'chiyani?"

"Banjo."

"Sindikufunsa dzina lake. Bokosili mwalitenga kuti?"

"Lidandiitana lokha."

"Mayo ine! Mwaboola bokosi la amayi? Mwaiwala kuti pano ndi pathu? Akangodziwa, mutenga kamphasa kanu kaja n'kuona msana wa njira. Mwanayu ndi wa mbumba yathu, simupita naye. Inenso amalume sangandilole kukutsatani."

"Adziwa bwanji?" adafunsa Gologolo. "Kodi amayi ako amandiyang'ana?"

Zidali zoona. Pamudzi ponse, munthu mmodzi yekha amene ankalidziwa bokosilo ngati chikhatho chake ndi yemweyo amene mwambo sunkamulola kuyang'ana chili m'manja mwa mkamwini.

Kuyambira pamenepo, dzuwa likapendeka anthu ataweruka kumunda, Gologolo ankakhala pakhonde n'kuliza banjo yake. Nyimbo yake inkanena za mlendo amene adafika pamudzi ndi kamphasa kokha, namafunsa khomo ndi khomo amene angamupalire moto. Mawu ake sadali ambiri, chokoma chidali pothera pake. Gologolo ankathamangitsa zala kukwera, kukwera, kenaka n'kuleka mwadzidzidzi, kusiya mpata wopanda kanthu asadabwerere poyambira. Mpata umenewo unkayabwa, abale. Aliyense woumva ankafuna kuudzaza, kaya ndi m'manja, kaya ndi phazi.

Tsiku lina, atafika pampata pomwepo, kuseri kwa nkhokwe kudamveka kuti tseche tseche! Gologolo adatchera khutu. Adabwereza nyimbo, nasiyanso mpata. Tseche tseche! Ndendende pamalo pake, osachedwa, osafulumira, kuposa maseche a kuchinamwali. Gologolo adadziwa kuti imeneyo ndi minga ya nungu ikugundana povina. Adadziwanso kuti minga ya Ndaona idali idakali yaifupi, sinkalira choncho, ndiponso kuti kuseri kwa nkhokwe kumabisala munthu mmodzi yekha iye akakhala pakhonde. Adamwetulira, osauza munthu, ngakhale mkazi wake.

ANankhoma nawo mtima udali pawiri. Miyendo inkakonda nyimbo, koma mutu unkawerengera. Bokosi adalifuna ponseponse. Adakalipira ana, adakalipira mbuzi, adasesa mpaka pansi pa nkhokwe. Ndiye adakumbukira kuti bokosi lidasowa sabata lomwe banjo idabadwa. Koma apita bwanji kukaona okha? Adaitana Kabawi, mlonda wa pamudzipo, amene maso ake ankaona kamwanapiye ali m'mitambo.

"Pita kwa mkamwini wanga," adatero. "Ukayang'anitsitse chimene amalizacho. Ukaona chithunzi cha sitima, ubwere undiuze."

"Mayi, maso awa sanamizidwa," adatero Kabawi, nauluka.

Gologolo adamuona akutera, nadziwa chimene wadzera.

"A Kabawi! Mwachita bwino kubwera. Dzulo ndidakumvani mukufuula m'mwamba, ndidati kalanga ine, mawu okoma chonchi akungotayika ndi mphepo!"

"Mawu anga?" adafunsa Kabawi.

Inu nonse mukudziwa kuti mawu a kabawi ali ngati wilibala yopanda mafuta. Chibadwire chake palibe adamuyamikirapo.

"Anu omwewo. Nyimboyi ikusowa wotsogolera. Koma kodi mumadziwa kaimbidwe ka akatswiri? Woimba weniweni amatsinzina. Amene amaimba akuyang'anayang'ana ndi ophunzira."

"Ndani wakuuza kuti ndine wophunzira?" adatero Kabawi.

Adatsinzina kuti psii, mutu n'kuloza kumwamba. Gologolo adayamba nyimbo ya mlendo wa kamphasa, Kabawi naikuwa ndi mtima wake wonse mpaka nkhuku zidathawira m'khola. Pofika pampata paja, kuseri kwa nkhokwe kudayankha kuti tseche tseche! Adaimba mpaka dzuwa lidalowa. Pamene Kabawi ankatsegula maso, banjo idali italowa kale m'nyumba.

"Waona chiyani?" adafunsa aNankhoma atabwerera.

"Mayi, kuona sindidaone. Koma ndaimba!"

"Ndamva ndi makutu anga kuti waimba. Choka apa, chitsiru chamaso!"

M'mawa mwake adaitana Nguluwe, mkulu wa kumadimba, amene mphuno yake inkadziwa chinangwa chili pansi pa nthaka.

"Iwe usakayang'ane kanthu," adatero aNankhoma. "Ukangonunkhiza. Ukamva fungo la fodya wakale, ubwere. Ndipo akakuuza kuti uimbe, ukakane."

"Ine kuimba? Mayi, ndine wamkulu," adatero Nguluwe.

Atafika adapeza Kabawi ali kale pakhonde, watsinzina, akuyembekeza nyimbo. Palibetu adamuitana. Gologolo adalonjera mlendo wake mwaulemu, koma banjo adaikweza pamwamba pa mtondo, kutali ndi mphuno ija.

"A Nguluwe, tamverani izi," adatero, nakhudza mawaya. "Mwamva? Mawu onse ndi aang'ono. Ine wamng'ono, a Kabawi nawo mawu ndi opyapyala. Nyimbo yopanda mawu apansi ili ngati ndiwo zopanda mchere. Tikusowa chifuwa cha munthu wamkulu."

"Ndauzidwa kuti ndisaimbe."

"Ndani wanena za kuimba? Kuimba n'kwa ana. Inu mungolowetsa mphuno mumtsuko umu, muzingoti gu, gu, gu. Basi."

Nguluwe adaganiza, naona kuti zoonadi, za mtsuko sadaletsedwe. Adalowetsa mphuno yonse. Mtsukowo dzulo lake mudali mowa wamasese, ndipo pansi pake padali patatsala pang'ono. Gu, gu, gu! Mawu adatuluka aakulu, onjenjemeretsa pansi. Banjo idalowa, Kabawi adakuwa, ana adasonkhana n'kumavina, ndipo pampata paja maseche a kuseri kwa nkhokwe adalira mwamphamvu kuposa kale.

"Wamva fungo lanji?" adafunsa aNankhoma madzulo, akupuma mwawefuwefu ngati munthu wochokera kuphiri.

"La masese, mayi."

"La masese!"

"Okoma, mayi. Koma mwamva mmene ndimayankhira pansi paja?"

ANankhoma adatola chikuni, Nguluwe n'kuliyatsa liwiro.

Zidapitirira choncho. Dzuwa likapendeka, Kabawi ankatera, Nguluwe ankabwera atanyamula mtsuko wakewake, anthu a midzi ina ankafika ndi timipando tawo. Ndipo maseche aja sadajombe ngakhale tsiku limodzi. Munthu yemweyo m'mawa akufuna wakuba, masana akuvinira chobedwa. Musaseke, ena mwa inu muli chimodzimodzi.

Koma ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. ANankhoma adatumiza mawu kwa mlongo wawo, Chiuli, mwinimbumba. Ameneyu njuchi zidamuluma m'makutu kuyambira ali mwana, mwakuti kwa iye nyimbo ndi kulira kwa mbuzi zidali chimodzimodzi. Chibadwire chake sadavinepo, ngakhale paukwati wake womwe.

Adafika nyimbo ili pakati, naima kutsogolo kwa Gologolo.

"Malume, takulandirani!" adatero Gologolo. "Mawu anuwo, mutatsinzina pang'ono..."

"Sindiimba."

"Tili ndi mtsuko wina kuno..."

"Ndamwa kale."

"Ndiye khalani pampando apa, mutiweruze ngati tikukhoza."

"Bweretsa kuno chimenecho."

"Malume, mawayawa ndi a khwekhwe, ndi akuthwa. Angakuchekeni."

"Ine ndimadya mphiri ndi mutu womwe. Bweretsa."

Adaitsomphola, naitembenuza. Sitima ija, mbee! Adaitembenuzanso, nalowetsa chala m'bowo lija. Kabawi adatsegula maso, Nguluwe adazula mphuno mumtsuko, ndipo kuseri kwa nkhokwe kudamveka mapazi akuchoka.

"Mawa m'mawa pabwalo," adatero Chiuli. "Uitane nkhoswe yako. Umangiretu ndi kamphasa kako."

Adapita nayo banjo ataikwapatira m'khwapa ngati nkhuku yogulitsa.

Madzulo amenewo Ndaona adalira kwambiri.

"Ndidanena ine, bambo a Kadzuwa. Ndidanena! Mwana adzakula osakudziwani chifukwa cha bokosi la masingano."

Gologolo adanyamula Kadzuwa, kamwanako n'kumasewera ndi ndevu zake. Apa ndiye adachita mantha enieni, mchira uja udagwa pansi kuti khoba. Ankamukonda mkazi wake, ankamukonda mwana wake, ndipo adaona kuti kuchenjera kwake kwamufikitsa pamphepete pa dzenje. Adamanga kamphasa kake pang'onopang'ono, mutu ukugwira ntchito.

M'mawa mudzi wonse udasonkhana. Nkhoswe ya Gologolo idali Bilimankhwe. Uthenga adamutumizira ndithu, koma mukudziwa kayendedwe kake. Akuti mpaka lero adakali m'njira. Choncho Gologolo adakhala yekha, kamphasa kake pambali. ANankhoma adawaimikira mphasa yaikulu kuti akhale kuseri kwake, asaonane ndi mkamwini. Banjo idagonekedwa pakati pa bwalo.

"Bokosi ili n'la yani?" adafunsa Chiuli.

"La apongozi anga."

"Adalitenga pathandala ndani?"

"Ine."

"Adaliboola ndani?"

"Ine ndemwe, malume."

Anthu adati aaa! Onse ankayembekeza kuti akana, anena kuti lidagwa kumwamba.

"Ndiye mlandu suli wautali," adatero Chiuli. "Nyamula kamphasa kako."

"Ndinyamula, malume. Koma ndine mwana, ndifunseko kuti ndipite nditaphunzira. Mbuzi yakuba ikaphedwa, mlandu umagwira wopha yekha, kapena ndi odya omwe?"

"Ndi odya omwe. Chimenecho ngakhale mwana amadziwa."

Kabawi adayamba kuyang'ana kumwamba. Nguluwe adakankhira mtsuko wake kumbuyo ndi mwendo.

"Musaope, anzanga," adatero Gologolo. "Awa adafika mochedwa, adangonyambita mbale. Alipo wina amene adayamba nane kalekale. Tsiku lililonse ndikaliza banjo, iye amaimba maseche kuseri kwa nkhokwe. Sadajombepo. Ndikanena zoona, popanda iyeyo bwenzi nditaileka kale banjoyi, chifukwa nyimbo imakoma ndi maseche ake. Mbuzi imeneyi tadya awiri."

"Ndani ameneyo?"

"Nkhope yake sindidaionepo, malume. Ndikanama chindigwere chimphezi."

Ndipo sankanamatu.

Chiuli adaimirira, ubweya uli njoo.

"Pamudzi panga pano pali wina wobisala, amene amavinira katundu wa mlongo wanga? Ameneyo, kaya ndi yani, atsagana nawe lero lomwe. Ndalumbira pali malemu amayi!"

Kuseri kwa mphasa kudamveka kutsokomola.

"Alongo," adatero aNankhoma, mawu ali pang'onopang'ono, "mlandu watha kale. Anthu ali ndi ntchito kumunda."

"Ayi, alongo, khalani phee. Ine sindisiya njoka m'nyumba mwanu. Iwe Gologolo, timupeza bwanji?"

"Ndibwerekeni banjo komaliza. Mwini maseche adziulula yekha."

"Alongo, chinthucho n'changa, ndakana!" adatero aNankhoma.

"N'chanu ndithu, n'chifukwa chake tikufuna wakubayo," adatero Chiuli, napereka banjo.

Gologolo adakunga zikhomo. Adadziwa kuti ngati maseche salira, dzuwa likalowa adzakhala ali panjira yekha. Adayamba nyimbo ya mlendo wa kamphasa, amene ankafunsa womupalira moto. Zala zidakwera, zidakwera, nafika pampata paja, naleka.

Zii.

Kuseri kwa mphasa aNankhoma adali ataluma chitenje, manja onse awiri atagwira miyendo.

Adabwereza. Kabawi sadapirire, adatsinzina nayamba kukuwa. Nguluwe adakoka mtsuko wake. Gu, gu, gu! Anthu adayamba kugwedeza mapewa atakhala pansi. Zala zidakwera, zidakwera, naleka.

Zii. Mphasa idangogwedezeka pang'ono, ngati yadutsidwa ndi kamphepo.

"Palibe munthu," adatero Chiuli. "Wanditayitsa nthawi. Nyamula."

Pamenepo Ndaona adaimirira, mwana kumsana, misozi idakali m'masaya. Iye maseche aja ankawamva tsiku ndi tsiku, ndipo mwana sasokonezeka ndi mayendedwe a mayi ake. Adaomba m'manja, naiyamba yekha nyimboyo ndi mawu ake okoma. Amayi onse a pabwalo adavomera. Gologolo adalowa ndi banjo, koma ulendo uno sadathamange. Adaiyendetsa pang'onopang'ono, monyengerera, ngati munthu wokopa nkhuku ndi chimanga. Adakwera. Adakweranso. Pofika pamwamba penipeni adaleka, dzanja lili m'mwamba, osabwereranso poyambira.

Mpata udatalika. Palibe adapuma. Kabawi adatsala kukamwa kuli yasa. Mpata udatalikabe, ukuyabwa, ukuyabwa, mpaka anthu adamva kuwawa m'mano.

Tseche tseche!

Mphasa idagwa kuti phu! Ndipo taonani aNankhoma, ataimirira, maso atatsinzina, chitenje chili m'chiuno, minga yonse ikugundana. Gologolo adaigwetsa nyimbo mwamphamvu, ndipo mayi adavina, adavina, fumbi koboo, asadadziwe kuti mphasa kulibe.

Bwalo lidafa ndi phwete. Ena adagubuduka pansi, ena adagwira nthiti. Nguluwe adaseka mphuno ili mumtsuko mpaka adatsamwa.

Chiuli yekha ndiye sadaseke.

"Alongo? Ndinu?"

Nyimbo idaima. ANankhoma adatsegula maso.

"A Chiuli, khoswe wakhala pamkhate," adatero Nguluwe akupukuta misozi. "Mwalumbira nokha kuti awiriwa atsagana. Tiuzeni, mayi anyamule mphasa iti?"

Chiuli adakanda m'mutu. Apirikitsa bwanji mlongo wake pamudzi pa make? Nanga lumbiro alibweza bwanji? Adayang'ana Gologolo, nazindikira kuti kamunthuka kamumangitsa ndi chingwe chake chomwe.

Koma aNankhoma sankamvera zimenezo. Maso awo adali pa Gologolo, koyamba chikwatire chake. Gologolo adagwada msangamsanga, nkhope n'kulozetsa kumbali, akuomba m'manja.

"Ha!" adatero aNankhoma. "Kodi mkamwini wanga ndi kameneka? Chiphokoso chonsechi chimachokera m'kathupi aka?"

Anthu adasekanso.

"Ndiyang'ane, iwe. Ubisiranji nkhope? Manyazi wandithera kale pamaso pa mudzi wonse. Bweretsa kuno."

Gologolo adapereka banjo ndi manja awiri. ANankhoma adaitembenuza, nasisita sitima ija. Adainunkhiza pabowo.

"Usaganize kuti sindidakwiye," adatero. "Ndakwiya kwambiri. Bokosi ili ndi lokhalo limene adandisiyira bambo ake a Ndaona, ndipo iwe walicheka ndi mpeni osapempha. Ukadakhala mwana wanga wobala ndekha, bwenzi lero ukugona chafufumimba. Koma ndinenenso ichi, anthu amve. Chimwalirire amuna anga, bokosili ndikalitsegula ndinkangolira. Miyendo iyi ndinkayesa idafa nawo limodzi. Lero mwaiona nokha."

Ndaona adagwira pakamwa.

"Tsono mlandu tiutani, alongo?" adafunsa Chiuli, mawu atafewa.

"Bokosi ndi langa. Silituluka pamudzi pano, ndipo lizigona m'nyumba mwanga. Wolifuna azidzaima pakhomo panga n'kupempha ndi pakamwa pake, ngati munthu."

"Nanga mkamwiniyu?"

ANankhoma adaika banjo pamimba monga adaonera, nakoka waya ndi chikhadabo. Idangoti ngwee, mpaka galu amene adagona pafupi adadzuka n'kuchoka.

"Mwamva?" adatero. "Bokosi lili kwa ine, zala zake zili kwa uyu. Mukamupirikitsa mundisiyira chibokosi chobowoka, masingano omwe sangakhalemo. Inu mwalumbira kuti ine ndi iye titsagana. Chabwino. Ine sindipita kulikonse. Iwe, masula kamphasa kako."

Ndaona adaimba nthungululu imene idamveka mpaka kumadimba. Gologolo adangotenga Kadzuwa kumsana kwa make namukumbatira, misozi ili mbwembwembwe, mchira utaimanso njoo.

"Mowa womasulirana mpongozi ndi mkamwini tidzafulula sabata lamawa, mwambo usatidandaule," adatero aNankhoma. "Koma lero ndavina theka. Tenga, ndakubwereka. Yambira poyamba."

Gologolo adabwezera mwana, nalandira banjo. Kabawi adatsinzina, Nguluwe adalowetsa mphuno mumtsuko. ANankhoma adamanga chitenje bwinobwino, nalowa pakati penipeni pa bwalo. Asadayambe adatembenuka, naloza mkamwini wawo ndi chala.

"Koma mpata uja usadzautalikitsenso choncho, wamva? Udzandipha ine, mwana wa eni!"

Amene mudakwirira mbatata paphulusa, thamangani kaphuleni isadapserere. Yanga yathera pomwepa.